KALATA YA MASIYE: KODI TIISUNGE KUTI?

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Nangongwe, Kafue

 Nkhani imene ndapatsidwa lero siikondweretsa makutu, pakuti inena za tsiku limene aliyense wa ife adzasiya coko ndi kaundula, osazitolanso. Komatu ndikupemphani mundimvere moleza mtima, cifukwa mtendere wa akazi athu, amuna athu ndi ana athu uli m'kati mwa nkhani yomweyi.

Ambiri a inu munamva kale kuti nkwabwino kulemba kalata ya masiye, imene ena aicha wilo. Iyi ndiyo kalata imene munthu alemba akali moyo, kunena umo cuma cace cidzagawidwire iye atapita, ndi kuchula munthu amene adzayang'anira kugawako. Ena mwa inu munalemba kale, ndipo munacita bwino. Koma funso langa lero ndi lina: kodi kalatayo iri kuti tsopano lino? Mukadagona usiku uno osadzukanso, ndani akadaipeza, ndipo akadaipeza tsiku liti? Kalata ya masiye imene siipezeka ilingana ndi kalata imene siinalembedwe konse. Bwalo la milandu silingawerenge zimene zinali mumtima mwa malemu. Liwerenga pepala limene laikidwa patsogolo pace.

Tiyeni tiyambe taona cimene cicitika pamene kalata yasowa. M'caka ca 1989 Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu la Zambia inakhazikitsa malamulo awiri a za masiye. Loyamba, lochedwa Wills and Administration of Testate Estates Act, liyang'ana cuma ca munthu amene anasiya kalata. Laciwiri, lochedwa Intestate Succession Act, liyang'ana cuma ca munthu amene sanasiye kalata. Lamulo laciwirili ligawa cotere: pa magawo 100 alionse, magawo 20 apita kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 50 apita kwa ana, magawo 20 apita kwa makolo a malemu, ndipo magawo 10 apita kwa ena amene malemu anali kuwasunga. Tinene kuti mphunzitsi wasiya K100,000: mkazi alandira K20,000, ana onse pamodzi K50,000, makolo K20,000, ndi osungidwa K10,000. Nyumba ikhala ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo akhalamo moyo wace wonse pokhapokha atakwatiwanso. Minda ya kumudzi yogwidwa mwa mwambo wa mafumu siilowa m'kugawa kumeneku.

Lamulo limeneli linadza kudzaletsa nkhanza imene tonse tiidziwa, ya abale ofika pamaliro ndi kunyamula mipando, mabulangete, njinga ndi miphika, nasiya mkazi ndi ana pa mphasa. Pakati pa mitundu yambiri ya kuno, monga Acewa, Ansenga, Atonga ndi Abemba, mwambo wakale unali wakuti cuma citsate mbumba ya kucikazi, kotero kuti ana a mlongo anali patsogolo pa ana obala. Mwambowo unali ndi nzeru yace m'masiku amene banja linadalira munda wa pfuko. Koma nyumba yomangidwa ndi malipiro a mwamuna ndi mkazi wace ndi cinthu cina, ndipo lero kulanda cuma ca masiye ndi mlandu pamaso pa Boma.

Ngakhale lamulolo liri labwino, silidziwa za m'nyumba mwanu. Silidziwa kuti mwana wanu wina ndi wolumala, nafunika gawo lalikuru koposa anzace. Silidziwa kuti ng'ombe ziwiri zija munalonjeza mlongo wanu amene anakulipirirani sukulu. Silidziwanso kuti mwa abale anu onse ndani amene mumkhulupirira pa ndalama. Zonsezi zidziwika ndi kalata yanu yokha. Ikasowa, mau anu onse agwa pansi, ndipo banja liyamba kukangana za munthu woti asankhidwe kuyang'anira cuma.

Palinso cina cimene ambiri sacidziwa. Bwalo lalikuru, High Court, ndilo libvomereza kalata ya masiye ndi kupatsa woyang'anira mphamvu ya kugwira nchito yace, ndipo lifuna kalata yeniyeni, imene munasaina ndi dzanja lanu pamaso pa mboni ziwiri zokhala pamodzi nthawi imodzi, nazonso nkusaina. Pepala lojambulidwa pa makina siliri ndi mphamvu yofanana. Ndipo m'malamulo a ku England, amene mabwalo athu anatengerako njira zambiri, muli ganizo lakuti ngati kalata inali m'manja mwa mwini wace, ndipo pa imfa yace siioneka, oweruza ayamba ndi kuyesa kuti iye mwini anaing'amba dala cifukwa anasintha mtima. Ofuna kutsutsa ganizolo ayenera kubweretsa umboni, ndipo milandu yotere idya nthawi ndi ndalama za ana amasiye.

Musayese kuti bvuto ili ligwera anthu osaphunzira okha. Ku England kunali munthu wochuka pa malamulo, Lord St Leonards, amene m'caka ca 1852 anali mkuru wa oweruza a dzikolo, nalembanso mabuku olangiza anthu za cuma ndi masiye. Iye anasunga kalata yace m'bokosi lokiya m'nyumba mwace. Pamene anamwalira m'caka ca 1875 anatsegula bokosilo, napeza mapepala ena oonjezera, koma kalata yeniyeni munalibe. Cinapulumutsa banjalo ndi mwana wace wamkazi, Charlotte, amene anaiwerenga kawirikawiri kufikira anaisunga pamtima. Ndipo m'caka ca 1876 bwalo linabvomera umboni wace. Kodi ndani wa ife ali ndi mwana amene angalakatule kalata yonse pamtima, oweruza namkhulupirira?

Citsanzo cina ndi ca masiku athu ano. Mai woimba wochuka wa ku America, Aretha Franklin, anamwalira m'caka ca 2018, ndipo poyamba anthu anayesa kuti sanasiye kalata. M'caka ca 2019 anapeza m'nyumba mwace makalata olembedwa pamanja: ina ya 2010 m'kabati yokiya, ina ya 2014 pansi pa makushoni a mpando. Mau ace anasiyana, ndipo ana ace anatsutsana kufikira m'caka ca 2023, pamene bwalo linagamula kuti ya 2014 ndiyo igwire nchito. Zaka zisanu za kukangana zinabadwa cifukwa ca kusasunga bwino pepala.

Tsono malo abwino ndi otani? Ine ndiyesa malo alionse ndi mafunso atatu, ndipo ndikupemphani muwalembe. Loyamba: kodi pepala lidzapulumuka ku madzi, ku moto, ku ciswe ndi ku makoswe? Laciwiri: kodi lidzapulumuka ku dzanja la munthu amene mau ace sadzamkondweretsa? Lacitatu: kodi anthu oyenera adzalipeza msanga, inu mulibe, popanda kupempha cilolezo kwa munthu wakufa? Malo opambana pa funso limodzi nalephera pa ena awiri sali malo abwino.

Tiyambe ndi m'nyumba, pakuti ndimo ambiri asunga. Inu a kuno ku Nangongwe mudziwa cinyezi ca pafupi ndi mtsinje wa Kafue, ndi umo madzi aimira m'mabwalo m'miyezi ya dzinja. Inu a kumidzi mudziwa ciswe, cimene cingathe kumaliza kaundula wa sukulu pa chuthi cimodzi, ndiponso moto wa kandulo ndi wa mbaula. Pepala loikidwa pansi pa matiresi, kapena kutsindwi, kapena pakati pa mabuku akale a sukulu, liri pa ngozi tsiku ndi tsiku. Koma ngozi yoposa iri pa funso laciwiri. Tsiku la maliro nyumba idzala anthu, katundu aturutsidwa kunja, mfedwa akhala pansi wosatha kuyang'anira kanthu, ndipo cipinda cogona cilowedwa ndi abale ambiri. Munthu woyamba kutsegula sutikesi ndiye woyamba kuwerenga kalata; ngati apeza kuti dzina lace mulibe, mbaula iri pafupi. Sindinena kuti abale athu onse ndi oipa, iai. Ndinena kuti si nzeru kuika yesero lotere patsogolo pa munthu.

Ngati simungathe kusunga kwina koma m'nyumba, citani cotere: kulungani kalatayo m'pulasitiki, muiike m'bokosi la citsulo lokiya, bokosilo likhale pamwamba, losakhudza khoma kapena dothi, ndipo kiyi waciwiri akhale kwa munthu amene munamsankha kuyang'anira cuma canu. Muziliyang'ana caka ndi caka mvula isanayambe.

Ena aganiza za ofesi ya sukulu, popeza muli kabati ya citsulo. Ine ndikuletsani. Ife aphunzitsi ndife anthu osamukasamuka. Lero uli kuno, caka ca mawa kalata yafika yakuti upite ku sukulu ina kutsidya kwa mtsinje. Akuru a sukulu nawonso asinthidwa, ndipo wobwera m'malo mwao sadziwa envulopu imene anaipeza m'kabati. Tsiku lokonza ofesi ipita kudzala pamodzi ndi mapepala a mayeso akale. Kumbukiraninso kuti nyumba ya sukulu siiri yanu: mukamwalira, banja lanu liyenera kuturukamo, ndipo m'kusamuka kwa cisoni kotero zinthu zambiri zitayika.

Nanga ku mpingo? Abusa ndi ansembe athandiza mabanja ambiri pa nkhaniyi, ndipo mau ao amveka pamaliro pamene mau a mkazi wamasiye samveka. Koma iwonso asamutsidwa. Mukafuna kusungitsa kumeneko, musapereke kalata kwa munthu monga bwenzi cabe. Pemphani kuti ilembedwe m'buku la ofesi ya mpingo, ndi tsiku lace, ndipo akupatseni kapepala kosonyeza kuti ailandira. Mpingo ndi malo abwino koposa osungirako pepala lojambula, ndi mau onena kumene kalata yeniyeni iri.

Mabanki ena asungira anthu mapepala a mtengo wapatali, molipira. Pa madzi, moto ndi akuba, malo amenewa apambana. Koma samalani ndi funso lacitatu. Banki ikamva kuti mwini wamwalira, siipereka zinthu zace kwa munthu aliyense wofika ndi misozi. Ifuna umboni wakuti munthuyo ali ndi mphamvu. Tsono mphamvuyo icokera m'kalata imene yatsekeredwa m'katimo! Cifukwa cace, musanasungitse, funsani akuru a banki kuti adzapereka kalatayo kwa yani, ndi pa umboni wotani, ndipo dzina la woyang'anira wanu lilembedwe m'mabuku ao inu mukali moyo.

Loya amene anakuthandizani kulemba kalata angathenso kuisunga, ndipo ubwino wace ngwakuti iye adziwa njira yonse yopita nayo ku bwalo. Koma maloya nawonso akalamba, asamuka, ndipo maofesi ao atsekedwa kapena kusintha maina. Lembani dzina la ofesiyo ndi malo ace, mupatse a m'banja lanu, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu kafunseni ngati kalata yanu ikalipo.

Kotsiriza ndi ku bwalo la milandu lenilenilo. Ku High Court ku Lusaka kuli ofesi yoona za masiye, yochedwa Probate Registry. Kucokera kuno ku Kafue ndi ulendo wa makilomita ngati 45, wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Pitani mukafunse kumeneko za kusungitsa kalata yanu m'manja mwa bwalo, ndi mtengo wace; ndipo cimene adzakupatsani ngati umboni, cisungeni monga musunga citupa canu. Amene alibe ndalama za loya angapemphe uphungu ku Legal Aid Board, ndipo amai alinso ndi National Legal Aid Clinic for Women. Safunsa anadya phula.

Mwina wina wa acinyamata anena mumtima kuti, zonsezi nza kale, ine ndidzajambula kalata yanga pa foni. Kujambula nkwabwino, pakuti cithunzi cithandiza kusonyeza kuti kalata inalipo ndi zimene inanena. Koma cithunzi si kalata yeniyeni. Ndiponso foni itsekedwa ndi nambala yacinsinsi imene mwini apita nayo kumanda. Foni ibedwa, igwa m'madzi, ndipo pamaliro ndiyo iyamba kusowa.

Mwaona tsono kuti palibe malo angwiro. Cifukwa cace langizo langa ndi ili: kalata yeniyeni ikhale imodzi yokha, ndipo ikhale kunja kwa nyumba yanu, ku bwalo, kwa loya kapena ku banki. M'nyumba mukhale pepala lojambula, lolembedwa pamwamba pace kumene yeniyeni iri. Ndipo anthu awiri kapena atatu adziwe malowo: woyang'anira amene munamsankha, mkazi kapena mwamuna wanu, ndi munthu mmodzi wa kwanu kumene munabadwira, monga malume kapena mlongo wanu. Wacitatuyu musamuiwale. Mkazi wamasiye akaturutsa yekha kalata pamaliro, acibale a mwamuna anena kuti walemba yekha. Koma akaimirira malume a malemu nanena kuti, mwana wathu anandiuza ine za kalata imeneyi, mkangano uzima usanayake. Simuyenera kuwauza zimene munalemba. Auzeni kokha kuti kalata iripo, ndi kumene iri.

Apa ndipo pali cobvuta cacikuru, pakuti ambiri a ife tiopa kuchula imfa. Ena ati kulemba kalata ya masiye ndiko kudziitanira maliro; ena aopa kuti akaulula, wina adzafulumiza tsiku lao. Abale anga, pepala silinaphepo munthu. Amene aopa ciwembu asaulule za m'kati, ndipo asankhe bwino anthu owauza. Koma kubisa kwa onse ndiko kutaya nchito yonse. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pamodzi ndi pepala lojambula lija sungani mndandanda wa zinthu zanu, pakuti woyang'anira sangagawe cimene sacidziwa. Lembani nambala ya citupa canu ndi nambala yanu ya nchito. Dzina la banki ndi nthambi yace. Ndalama za pa foni, kaya ndi za Airtel kaya za MTN. Mapepala a penshoni, kaya muli ku Public Service Pensions Fund kaya ku NAPSA. Mapepala a inshuwalansi ndi a bungwe losungitsa ndalama. Ngongole zimene muli nazo ndi zimene ena ali nazo kwa inu. Ndi ziweto zimene munaikiza kwa abale kumudzi. Ndalama za penshoni ziri ndi malamulo ace a kagawidwe, cotero onetsetsani kuti maina a mkazi kapena mwamuna wanu ndi a ana anu alembedwa bwino kumeneko. Koposa zonse samalani makalata a nyumba ndi a malo. Kuyambira m'caka ca 1996, pamene Boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo ndi za Boma kwa okhalamo, mabanja ambiri a m'matauni ali ndi nyumba zaozao. Ndipo nyumba ndiyo iyamba kukanganitsa abale mwini akapita.

Mau ena ocepa a kasamalidwe ka pepala lenilenilo. Musafafanize kapena kuonjezera mau ndi colembera pa kalata yosainidwa kale, pakuti kusintha kulikonse kufuna kusaina ndi mboni monga poyamba. Musaibaye ndi mapini kapena kumatapo mapepala ena, cifukwa zipsera zace zicititsa oweruza kufunsa ngati panali tsamba lina limene lacotsedwa. Mboni zanu zisakhale anthu amene mwawagawira kanthu m'kalatamo, kuti gawo lao lingatayike. Aphunzitsi anzanu awiri akwanira, ndipo lembani bwino maina ao ndi kumene angapezeke. Mukakwatira, mukabala mwana wina, mukagula nyumba, kapena woyang'anira wanu akamwalira, lembani kalata yatsopano ya tsiku lace, yonena kuti yakale yafafanizidwa. Ndipo yakaleyo muitenge kumene munasungitsa, muiononge ndi manja anu, ndi kuuza anthu anu aja. Mukasamutsidwa kupita ku sukulu ina, auzeninso osunga kalata yanu kumene mwapita.

Ndisanakhale pansi, ndikumbutse kuti nkhaniyi siithera pa ife tokha. Kumudzi mphunzitsi ndiye awerengera anthu makalata, ndiye alembera okalamba, ndipo pamaliro afunsidwa nzeru. Munthu akadza kwa inu kuti mumthandize kulemba kalata ya masiye kapena kukhala mboni yace, musalekere pa kusaina. Mfunseni mafunso atatu aja, mumthandize kusankha malo, ndipo mumlimbikitse kuuza anthu ace. Akakupemphani kuti inu mumsungire, kumbukirani kuti inunso mudzasamuka. Mlozereni malo okhazikika. Ndipo cinsinsi cimene mwaona m'kalata ya mnzanu cikhale cinsinsi kufikira tsiku lace.

Cotero, aphunzitsi anzanga, ndikupatsani nchito ya kunyumba, monga inu mupatsa ana. Amene simunalembe, lembani teremu ino isanathe. Amene munalemba, pitani mukaione kalatayo ndi maso anu sabata lino, muiyese ndi mafunso atatu, ndipo mwezi usanathe anthu awiri akhale atadziwa kumene iri. Pa msonkhano wathu wotsatira tidzafunsana amene watsiriza.